Ndinadya ndalama za denga la tchalitchi, n'kumati zinalembedwa

Tchalitchi chathu chatsopano chinavumbwa madzinja awiri chili chopanda denga, ndipo wochititsa ndine. Ndikulemba izi mayi a kunyumba atandilola, nawonso a wapampando a komiti akudziwa. Mayina a anthu ndi a mpingo wathu ndawasiya dala. Za kuipa kwa kubetcha ambiri anena kale, ndipo zikanakhala zokhazo ndikanangokhala chete. Chandilembetsa n'chakuti chaka chathunthu ndinabisala kuseri kwa mavesi, ndipo ndikudziwa kuti m'mabenchi mwathumu alipo ena amene abisala pomwepo.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale m'boma la Dowa. Ndinakulira mu CCAP, Sinodi ya Nkhoma. Agogo anga aamuna ankakonda kutikumbutsa kuti mpingo wathu unayambira kwathu konkuno, ku Mvera, kumene amishonale a Murray ndi a Vlok anafika mu 1889. Kalasi ndinalowa, katekisma ndinaloweza, mowa sindinaulawepo. Choncho mu 2021, pamene nyumba yathu ya mapemphero inkafuna msungichuma wa komiti ya zomangamanga, anthu sanavutike kusankha. Amati aphunzitsi amadziwa masamu.

Akaunti ya ku banki tinali nayo, ya osayinira atatu. Koma banki ili kutali, ndipo ndalama za Pepa Sande, za m'milaga, ndi zimene ana a mpingo okhala ku Lilongwe ndi ku Johannesburg ankatumiza, zonse zinkayamba zafikira pa nambala yanga ya foni. Ndinkayenera kukaziika ku banki mwezi ukatha. Palibe amene ankandifunsa sitetimenti. Lipoti la chuma ndinkalemba ndekha, kuliwerenga ndekha, anthu n'kuwomba m'manja. Inu a m'makomiti, ndagwira mwendo wanu, musamuike munthu pa mayesero otere chifukwa choti mumamukhulupirira. Ndalama ya mpingo isagone pa foni ya munthu mmodzi, ndipo pepala la ku banki lizionedwa ndi maso ena mwezi uliwonse, msungichumayo angakhale waulemu chotani.

Kubetcha ndinayamba mu 2022, kwacha itangotsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi, malipiro atayamba kutha mwezi usanafike pakati. Mnzanga wa kuntchito anandionetsa mmene amachitira pa foni, ndipo ndinayesa ndi K500. Tsoka langa linali lakuti sabata yachitatu ndinawina K38,000. Ndinagula chimanga ndi nsapato za mwana, usiku n'kugwada kuthokoza Mulungu. Ndalama ya mpingo ndinayamba kuikhudza mu Ogasiti. Sindinkati kuba, ndinkati kubwereka, ndibweza malipiro akalowa. Maulendo awiri oyamba ndinabwezadi, ndipo zimenezo ndizo zinandilimbitsa mtima. Pofika Novembala panali dzenje la K190,000.

Kenako unabwera mpikisano wa World Cup wa ku Qatar. Lachiwiri pa 22 Novembala, Argentina inkasewera ndi Saudi Arabia nthawi ya 12 koloko masana. Phindu lake linali lochepa poti aliyense ankadziwa wopambana, ndiye ndinaganiza kuti nzeru ndi kuika zambiri. Ndinaika K300,000 ya malata. Messi atagoletsa penate ndinali m'kalasi ya Sitandade 6, ndinamwetulira ndekha ana akulemba. Atabwerako kopumulira, Saudi Arabia inagoletsa zigoli ziwiri motsatizana. Ndinatuluka n'kukaima kuseri kwa chimbudzi, mawondo akuwombana. Mawa lake ndinaika K250,000 pa Germany kuti ndibweze zotayikazo, ndipo Japan inapambana 2-1. Pamene chikho chinkatha, pa K2,400,000 imene buku linkati tili nayo, K910,000 panalibe.

Nthawi yomweyo ndinali m'gulu lina la pa WhatsApp la achinyamata okonda kuphunzira za chikhulupiriro. Ankatumizirana maulaliki a pa YouTube, ambiri a ku America, ofotokoza chiphunzitso cha John Calvin: kuti munthu ndi wakufa mu uchimo, kuti Mulungu anasankha ake dziko lisanakhazikike, kuti palibe chochitika chimene chili kunja kwa ulamuliro wake. Anyamatawo sindikuwanena, ankaphunzira ndi mtima woona. Ine ndi amene ndinalowa m'munda wonse uja n'kuthyola zokhazo zondikomera.

Ndinkadziuza chonchi. Katekisma amati ndife oipa kotero kuti sitingathe kuchita chabwino chilichonse. Ngati sindingathe, ndivutikirenji? Ndingodikira tsiku limene Mulungu adzandisinthe. Mawu a katekisma amenewo ali ndi mchira wake, wakuti pokhapokha titabadwanso mwa Mzimu wa Mulungu, koma mchirawo ndinaudula. Ndiye ndinkapitiriza: ngati mpheta sigwa pansi Atate osalola, kodi chigoli cha Saudi Arabia chikanalowa bwanji Iwo osafuna? Ndiye kuti zinalembedwa. Nanga Yosefe uja, si abale ake anamugulitsa, Mulungu n'kusandutsa choipacho kukhala chabwino? Mwina nanenso tsiku lina ndidzawina zambiri, ndifolere tchalitchi ndekha, anthu achitire umboni. Sindinaone kuti m'nkhani imeneyo malo anga sanali a Yosefe. Anali a abale ake aja, amene anadzagwada n'kupempha chikhululukiro.

Mawu akuti zinalembedwa tonse tinakula nawo. Timawanena pa maliro, pa ngozi, mvula ikadula chimanga chili pa ngaiyaye, ndipo pamenepo amatonthozadi, chifukwa ndi zinthu zotigwera. Ine ndinawachotsa pa zondigwera n'kuwaika pa zochita zanga. Pempheronso ndinalikhotetsa. Ndinkati, "Ambuye, ndichotsereni chilakolako chimenechi," ndikatero n'kudzuka, kutsegula foni kuti ndione ngati chachokadi. Ndikapeza chikadalipo, mlandu unali wa amene sanayankhe.

Chochititsa manyazi kwambiri n'chakuti miyezi imeneyo ndiyo imene ndinasanduka katswiri wa mtsutso. Mlamu wanga, mng'ono wa mayi a kunyumba, amapemphera ku Assemblies of God. Akabwera kudzacheza tinkatsutsana mpaka nsima kuzizira. Iwo ankati Mulungu amaitana aliyense, ndipo munthu angathe kuvomera kapena kukana. Ine ndinkatsegula Aroma 9, woumba mbiya ndi dothi lake, Yakobo ndi Esau asanabadwe, mpaka kuwasowetsa chonena. Ndinkapambana, foni ili m'thumba, tikiti ya usiku umenewo ili mkati. Tsiku lina anangoti, "Alamu, mumadziwa zambiri, koma nkhope yanu ilibe mtendere." Ndinawayankha ndi vesi.

Mphasa imene ndinadziyalira ija sinachedwe kumera minga. Cha ku Pasaka wa 2023 abusa anawerenga Yohane 12, nkhani ya Mariya wodzoza Yesu mafuta. Pa vesi 6 pamati Yudasi ndiye ankasunga thumba la ndalama, ndipo ankaba zoikidwamo. Ndinali nditakhala kutsogolo, pa benchi la akomiti. Ndinamva ngati dzina langa latchulidwa pa chimkuzamawu. Usiku umenewo chiphunzitso chomwe chija chinatembenuka n'kundiluma. Ngati alipo osankhidwa, ndiye kuti alipo osiyidwa. Munthu amene walumbira kambirimbiri kuti wasiya n'kubwererako, amene wadya Mgonero ndi manja akuba, ali mbali iti? Ndinadziweruza ndekha kuti ndine wa gulu la Esau, Farao ndi Yudasi.

Ndinasiya kupemphera, poti wotayidwa apemphereranji? Ku tchalitchi ndinkapitabe, kukawerenga malipoti abodza. Tulo tinatha. Lamba ndinaboola kawiri. Mayi a kunyumba anandikakamiza kukayezetsa magazi, zonse zinatuluka bwino, ndipo poona kuti malipiro sakuoneka anayamba kuganiza kuti ndili ndi chibwenzi. Taonani mmene bodza limagwirira ntchito. Pamene ndinkati zinalembedwa kuti ndidzawina, ndinkabetcha. Nditayamba kunena kuti zinalembedwa kuti ndine wotayika, ndinkabetchabe, poti wotayika alibe choti ataye. Mu Juni ndinatenga K200,000 ya katapila, yoti ndibweze K300,000 mwezi ukatha, n'kusiya khadi langa la ku banki kwa mwini ndalamayo. Inatha masiku anayi.

Pali usiku wina umene ndinaganiza kuti banja langa lingapepukidwe ine nditachoka padziko. Ndikunena poyera chifukwa amuna a ngongole timafika pamenepa tili chete. Mukaona maganizo otere akubwerabwera, musayese kulimbana nawo ndi mavesi muli nokha m'chipinda. Uzani munthu tsiku lomwelo, mbale, abusa, kapena adokotala ku chipatala. Ine chinandibweza ndi chifuwa cha mwana wathu wamng'ono, amene anadzuka akutsokomola n'kuitana ine, osati mayi ake.

Kumapeto kwa Julayi ndinathamangira mbali ina. Mnzanga anandiuza za mneneri wina wa ku Lilongwe, ndipo kunyumba ndinanama kuti ndikupita ku msonkhano wa aphunzitsi. Kumeneko uthenga unali wosiyana ndi umene ndinkadzilalikira: zonse zili m'manja mwako, lankhula, lamula, sankha lero. Anandiuza kuti njuga ndi chiwanda chochokera kwa makolo a bambo anga, ndipo kuti chichoke ndibzale mbewu ya K60,000. Ndinapereka, kuwonjezapo K18,000 ya thiransipoti ndi kabotolo ka mafuta. Ndinagwa pansi, ndinalira, ndinabwerako thupi lili lopepuka. Ndinakhala masiku 16 osabetcha. Ligi ya ku England itangoyamba mu Ogasiti, ndinagwanso. Nditaimba foni, wothandizira wake anati chikhulupiriro changa n'chochepa, nayonso mbewu inachepa.

Mlamu wanga atadzamva pambuyo pake anakwiya, nati zimenezo si zimene mpingo wawo umaphunzitsa, ndipo ndikuwavomereza. Koma ndimadzifunsabe chimene chinandikokera kumeneko. Kwa mneneri wolakwa anali chiwanda. M'mutu mwanga wolakwa anali chikonzero cha Mulungu. Konse kuwiri kunalibe wondiuza kuti pita ukanene kwa anthu amene unawabera, ndipo n'chifukwa chake ndinkakhalako bwino.

Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mu Novembala 2023 kwacha inagwanso, ulendo uno ndi 44 peresenti. Khoma linali litafika pa bimu. A wapampando anandiimbira foni: "Aphunzitsi, Loweruka tipite ku Lilongwe tikagule malata mitengo isanapenge. Mukonzeke." Buku linkati K3,100,000. Dzenje linali litafika K1,150,000, osawerengera katapila.

Lachinayi madzulo ndinapita kwa gogo wina, mlaliki wopuma amene anandiphunzitsa kalasi ndili mnyamata. Sindinapite kukaulula. Ndinapita ndi funso la chiphunzitso, ngati kuti ndikufunsira munthu wina. Ndinawapeza pakhonde akuswa mtedza wa mbewu.

"Agogo, munthu angadziwe bwanji kuti Mulungu anamusiya?"

Sanayankhe msanga. Anaswa mtedza ungapo, kenako anati, "Aphunzitsi, ndalalikira zaka zambiri. Amene amabwera ndi funso limeneli dzuwa litalowa, kawirikawiri pali chimene achita. Mwachita chiyani?"

Ndinanena, kwa nthawi yoyamba ndi pakamwa panga, za mpira ndi za ndalama za malata. Nditatero ndinayamba kufotokoza za Aroma 9, za Yudasi, kuti mwina ndinalengedwera zomwezi. Anandidula pakamwa.

"Mwanangu, buku la moyo unaliona liti? Ine ndakalamba chonchi sindinalionepo, ngakhale chikuto chake. Koma buku la komiti lija lilipo, lili kunyumba kwako, ndipo mawa tikaliona limodzi."

Anatuma mdzukulu kukatenga Buku Lopatulika lawo lakale, lomanga ndi mphira, n'kundiuza kuti ndiwerenge ndekha Deuteronomo 29:29, pamene pamati zobisika ndi za Yehova, koma zovumbulutsidwa ndi zathu ndi za ana athu, kuti tizizichita. Kenako Yakobo 1:13-14, kuti munthu poyesedwa asanene kuti akumuyesa ndi Mulungu, chifukwa aliyense amakokedwa ndi chilakolako chake chomwe. "Wakhala chaka chonse ukufukula za Mulungu, zako utazisiya. Zako ndi izi: usabe, ulule, ubweze. Pamenepa pali chovuta kumva?"

Ndinati, "Koma agogo, kusiya sindingathe. Ndayesa."

"Zoona, sungathe. Pamenepo katekisma sananame. Koma kunena ungathe, si wanena kumene apa? Foni kumupatsa mkazi wako ungathe. Nanga ukuganiza kuti wakudzutsa pampando n'kukufikitsa pakhonde pano ndani, Satana? Mulungu akamagwira ntchito mwa munthu zimaoneka chonchi, munthuyo amanyamuka ndi miyendo yake yomwe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Anandikumbutsa Afilipi 2, pamene Paulo amati gwirani ntchito ya chipulumutso chanu ndi mantha ndi kunthunthumira, n'kupereka chifukwa chake m'vesi lotsatira, chakuti wochita mwa inu kufuna ndi kuchita komwe ndi Mulungu. Ine ndinkawerenga theka lachiwiri kuti ndifafanize loyamba. Koma chimene chinandikhala kwambiri ndi ngalawa ya pa Machitidwe 27. Mulungu anali atanena kale kuti mwa anthu 276 aja palibe amene adzafe. Komabe amalinyero atafuna kuthawa pa kabwato, Paulo yemweyo anauza asilikali kuti awa akachoka, inu simupulumuka. "Paulo sanaone kuti mawu awiriwa akumenyana," anatero agogo. "Iwe ndiwe wanzeru kuposa Paulo? Asilikali aja sanachite mtsutso. Anadula zingwe za kabwato. Nawenso kadule zako."

Anandipatsa ndondomeko, ndipo ndikuipereka kwa aliyense amene wafika pamene ndinafika. Yambani ndi wa kunyumba kwanu, asakamve kwa anthu. Kenako pitani kwa eni ndalama, mutatenga mboni imene mbali zonse zimailemekeza. Ndipo nenani zonse ulendo umodzi, nambala yake yeniyeni. Ine za katapila ndinabisa, n'kudzaulula patapita sabata, ndipo sabata imeneyo inandiwonongera zambiri, chifukwa aliyense anayamba kudzifunsa kuti kwatsalanso chiyani.

Mayi a kunyumba anamvetsera osandidula. Nditamaliza anafunsa funso limodzi: "Abambo, ndiye nkhuku zanga zisanu zija ndinagulitsa za Pepa Sande zinapita ku Argentina?" Atatero analowa kuchipinda. Masiku asanu ndi anayi ankandiikira chakudya patebulo osandiyankhula. A wapampando, bambo wa imvi, anatsegula buku, kulitseka, n'kulira pamaso panga. Ku bwalo la akulu a mpingo ena anati nkhaniyi ipite ku polisi, ndipo sanalakwe. Zikanatero, ntchito ya uphunzitsi ikanathera pomwepo. Pomaliza anagwirizana kuti ndisayine pepala lobweza K70,000 mwezi uliwonse. Anandichotsa pa maudindo onse, kundiimitsa Mgonero, ndipo zinalengezedwa mu tchalitchi ine nditakhala pomwepo, ana a sukulu amene ndimawaphunzitsa akumva. Njinga yamoto ndinagulitsa kuti ndithane ndi wakatapila, amene ngongole yake inali itakwera kufika K480,000. Mwana wathu woyamba tinamuchotsa ku sukulu yolipira.

Mtengo waukulu analipira ndi anthu ena. Ndalama yotsala ija inagula malata osakwanira, ndipo mmisiri anakana kukhoma denga la theka. Dzinja limenelo khoma la kum'mawa linanyowa n'kugumuka chakumwamba. Anthu anapitiriza kupemphera m'kachisi wakale wodontha, amayi a Chigwirizano amene anasenza madzi ndi mchenga akundiona Sabata ndi Sabata. Ndalama ndinabweza yonse, koma K1,150,000 ya 2025 sigula zimene ikanagula mu 2022. Kusiyana kumeneko palibe lisiti limene lingakufafanize.

Nthawi ya chilango inandipatsa mpata wowerenga, ulendo uno osati pofuna kukagonjetsa mlamu. Abusa anandibwereka buku la zivomerezo za mpingo, ndipo ndinadabwa kupeza kuti mabodza anga onse awiri anayankhidwa zaka 400 zapitazo ndi anthu omwewo ndinkawatchula pa mtsutso. Katekisma wa Heidelberg wa 1563, pa funso 64, amafunsa ngati chiphunzitso cha chisomo sichisandutsa anthu kukhala osasamala ndi oipa, n'kuyankha kuti ayi, wolumikizidwa kwa Khristu ndi chikhulupiriro choona sangalephere kubala zipatso za kuyamika. Msonkhano wa ku Dordrecht, ku Netherlands, wa 1618 mpaka 1619, umene unakana maganizo a otsatira a Jacobus Arminius oti munthu angathe kukana chisomo cha Mulungu, ndiwo umene ambiri amauona ngati wouma kwambiri pa nkhani ya kusankhidwa. Koma akuluakulu omwewo analemba kuti chisomo sichigwira anthu ngati zitsa kapena zipika, sichichotsa chifuniro cha munthu, koma chimachitsitsimutsa, kuchichiritsa ndi kuchiwongola. Analembanso, m'mutu woyamba ndime 16, kuti munthu amene sanayambe kuona chikhulupiriro champhamvu mwa iye asadziwerengere pa gulu la otayidwa, koma apitirize mwakhama kugwiritsa ntchito njira zimene Mulungu anapereka. Ndime yomweyo ili ndi mbola yake: amene adzipereka ku zokondweretsa thupi ndipo sakutembenuka, amenewo aope ndithu. Mu Januwale 2023 ndinkafunika mbolayo, mu Juni ndinkafunika mankhwalawo, ndipo zonse zinali pa tsamba limodzi limene sindinaliwerenge, poti za Mulungu ndinkaphunzira pa timavidiyo ta mphindi zitatu.

Ndinapezanso kuti mlamu wanga ndinkamunamizira. Ndinkati a mbali yawo amakhulupirira kuti munthu amadzipulumutsa yekha. Chonsecho otsatira a Arminius, amene maganizo awo amafanana ndi a mlamuwo, m'chikalata chawo cha 1610, nawonso anavomereza kuti munthu payekha sangaganize, kufuna kapena kuchita chabwino chenicheni asanabadwenso. John Wesley, woyambitsa mpingo wa Methodist, anaphunzitsanso kuti chisomo ndicho chimayamba. Kusiyana kuli pa mafunso ena: kodi munthu angachikane chisomocho mpaka mapeto, ndipo kodi Mulungu anasankha poona kale amene adzakhulupirire, kapena chikhulupirirocho ndi chipatso cha kusankhako? A hedi athu, amene ndi Mkatolika, anandiuza kuti kwawonso amati woyamba ndi Mulungu, munthu n'kuvomera kapena kukana, kenako anaseka nati kwawo wakuba akapita kukalapa amauzidwa kuti akabweze. Mkanganowu ndi wakale kuposa onsewa, ndipo unayakira mu Africa momwe muno. Augustine, bishopu wa ku Hippo, dera limene lero lili mu Algeria, analimbana ndi Pelagius amene ankati munthu angathe kumvera Mulungu ndi mphamvu zimene analengedwa nazo, ndipo msonkhano wa ku Carthage wa 418 unakana maganizo a Pelagius. Erasmus ndi Luther anadzayankhananso pa nkhani yomweyi mu 1524 ndi 1525. Ine ndikadali wa ku Nkhoma, ndipo masiku 16 aja anandionetsa kufooka kwa chifuniro changa kuposa ulaliki uliwonse. Mlamu akadali pomwe anali, timatsutsanabe, kungoti masiku ano nsima timadya ikadali yotentha. Koma mwa onse amene ndawatchulawa sindinapeze ngakhale mmodzi amene akanandiuza kuti ndikhale chete ndi ndalama za malata podikira kuti Mulungu andisinthe.

Ndisakunamizeni kuti zonse zinathera pakhonde paja. Foni yaikulu ndinapereka, ndinatsala ndi ya mabatani. Khadi la ku banki litachoka kwa wakatapila linapita m'manja mwa mayi a kunyumba. Koma pa 11 Febuluwale 2024, tsiku la fainolo ya AFCON, ndinapita kukaonera mpira kwa mnzanga, ndikudziuza kuti kuonera si tchimo. Ndinabwereka foni yake n'kuika K5,000 pa Ivory Coast. Inagonjetsa Nigeria, ndinawina. Mawu akale aja anabwera nthawi yomweyo, okoma ngati uchi: waona, Mulungu akufuna akuthandize kubweza msanga. Kuwina kumeneko kunandiopsa kuposa kudyedwa konse kwa ku Qatar. Ndinadzutsa mayi a kunyumba usiku womwewo ndisanavule nsapato, mawa lake ndinakauza agogo aja, ndipo mnzangayo ndinamupempha kuti asadzandibwerekenso foni ngakhale nditamugwadira. Ndalamayo anatenga mayi. Kumene inapita sindinafunse.

Ku Mgonero ndinabwezeredwa kumayambiriro kwa 2025. K30,000 yomaliza ndinapereka mu Epulo, ndipo msungichuma watsopano, mayi wa Chigwirizano amene amawerenga sitetimenti ya ku banki mokweza mwezi uliwonse, anandilembera lisiti la nambala 17. Denga linakhomedwa chilimwe chomwecho, ine ndili m'gulu lopatsira malata pansi. Malisiti onse 17 mayi a kunyumba amawasunga m'buku lawo la nyimbo. Khadi lija likadali kwa iwo. Mwezi wathawu ndinawafunsa kuti adzandibwezera liti, ndipo iwo, osachotsa maso pa lichero, anati, "Mulungu akalola."